PlayStation, Xbox kapena kompyuta: zimene mtengo wa pa katoni sukuuzani

Pa nthawi ya PlayStation 2, munthu wodekha ankapindula. Makinawo anatuluka ku America mu 2000 pa madola 299, pofika 2002 anali pa 199, ndipo mu 2009 ankagulitsidwa madola 99 okha. Aliyense ankadziwa kuti ukadikira, mtengo ukupeza pamene ulipo. Lero zatembenuka. PlayStation 5 inatuluka mu Novembala 2020 pa madola 499, koma mu Ogasiti 2025, itatsala pang'ono kukwanitsa zaka zisanu, Sony inakweza mtengowo kufika pa 549. Xbox Series X ya Microsoft, imene inayambiranso pa 499, inakwezedwa kawiri m'chaka chomwecho mpaka kufika pa 649. Nintendo nayo inatulutsa Switch 2 mu Juni 2025 pa madola 449, pamene Switch yoyamba ya mu 2017 inali pa 299.

Nkhani ya mitengoyi yadzutsa mkangano wakale. Ena akuti ngati PS yafika pamenepa, bola kungogula kompyuta imene ungagwiritsirenso ntchito zina. Ena akuti kompyuta yoti iseweretse magemu amakono ndi thumba lobooka: lero wagula ichi, mawa akuti chija chachepa mphamvu. Mbali zonse zili ndi mfundo. Vuto n'lakuti anthu amakangana poyerekezera mitengo yolembedwa pa katoni, pamene ndalama zambiri, komanso mavuto ambiri, zimabwera katoniyo itatayidwa kale.

Mkati mwake n'chimodzimodzi

Konsolo ndi makina opangidwira kusewera magemu, amene mumalumikiza ku TV n'kugwira padi m'manja. Makampani akuluakulu opanga makonsolo ndi atatu: Sony, Microsoft ndi Nintendo. Kompyuta ya magemu ndi kompyuta wamba, kungoti yaikidwa ziwalo zamphamvu.

Mutamasula PS5 ndi Xbox Series X, mupeza kuti kachipangizo kakakulu mkatimo n'kochokera ku kampani imodzi, AMD, yomwenso imapanga ziwalo za makompyuta. Konsolo yamakono ndi kompyuta yovala yunifolomu. Ziwalo zofunika kuzidziwa n'zinayi. Purosesa ndi kapitawo, ndiye amawerengera kuti mpira wagunda chitsulo cha golo, ubwerera mbali iti, ndipo goloboyi adumphira kuti. Graphics card ndi gulu la ojambula ambirimbiri amene amatenga zimene kapitawo wanena n'kuzisandutsa chithunzi cha pa sikirini, kambirimbiri pa sekondi iliyonse. SSD ndi nkhokwe imene magemu amasungidwamo. RAM ndi lichero: mumatapiramo zokhazo zimene mukugwiritsa ntchito pa nthawiyo, ndipo likachepa mumangokhalira kubwerera ku nkhokwe, ntchito n'kumachedwa. PS5 ndi Xbox Series X zonse zili ndi purosesa ya mitu 8 ndi lichero la 16GB.

Kusiyana kwenikweni kuli apa. PS5 ya munthu wa ku Tokyo ndi ya munthu wa ku Area 25 n'zofanana mphamvu. Wopanga gemu amadziwiratu makina amene gemu yake ikayenderepo, ngati telala amene wapima munthu asanadule nsalu. Pa kompyuta, wopanga gemuyo akusoka chovala choti chikwane aliyense amene angabwere pa msika: wina ali ndi graphics card ya Nvidia ya chaka chino, wina ya AMD ya zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, wina laputopu ya ku ofesi. N'chifukwa chake konsolo imatha kutulutsa chithunzi chokongola ndi ziwalo zimene pa pepala zikuoneka zofooka. N'chifukwa chakenso gemu ya pa kompyuta imabwera ndi tsamba lalitali la zosintha, loti muchepetse mithunzi, udzu kapena kuwala mpaka makina anu akwanitse.

Chifukwa chake konsolo imatchipa pogula

Amene anagulapo dikoda ya TV yolipira akudziwa kale kayendedwe kake. Dikodayo amakugulitsani motchipa, nthawi zina pa mtengo wochita kudabwitsa, chifukwa phindu la kampani silili pa kabokosiko koma pa ndalama ya mwezi ndi mwezi. Makonsolo amayenda chimodzimodzi. Mu 2022, Phil Spencer, amene ankatsogolera Xbox, ananena poyera kuti Microsoft imaluza pakati pa madola 100 ndi 200 pa Xbox iliyonse imene yagulitsa. Sikuti kampaniyo ndi yachifundo. Ndalamazo imadzazitenga pambuyo.

Imazitenga m'njira ziwiri. Yoyamba ndi sitolo. Pa PS5 pali sitolo imodzi yokha yogulamo magemu kudzera pa intaneti, ya Sony, ndipo pa gemu iliyonse ya kampani ina imene yagulidwa mmenemo mwini sitolo amadulapo pafupifupi 30 peresenti. Yachiwiri ndi chiphaso chosewerera ndi anthu ena pa intaneti. Ngakhale mwagula konsolo, mwagula gemu, mwalipira intaneti, kuti mumenye mpira ndi mnzanu wa ku Mzuzu muyenera kulipiranso PlayStation Plus, kapena chiphaso chofanana nacho pa Xbox ndi Nintendo. Mu Seputembala 2023, PlayStation Plus yotsikitsitsa inafika pa madola 79.99 pa chaka ku America. Muiwerengere zaka zisanu, ndi pafupifupi madola 400, mtengo wa konsolo ina. Magemu aulere monga Fortnite ndi eFootball safuna chiphasochi, ndipo munthu amene amasewera okhawo nkhaniyi sikumukhudza.

Pa kompyuta, kusewera ndi ena pa intaneti n'kwaulere pa magemu ambiri, ndipo masitolo alipo angapo olimbirana makasitomala. Yaikulu ndi Steam ya kampani ya Valve, imene inayamba mu 2003. Nayonso imadula 30 peresenti pa magemu ambiri, koma ili ndi opikisana nayo. Epic Games Store, imene inatsegulidwa mu Disembala 2018, imadula 12 peresenti, ndipo pofuna kukopa anthu imapereka gemu yaulere sabata iliyonse, imene ukangoitenga imakhala yako. Steam imadziwika ndi maselo ake a pakati pa chaka ndi kumapeto kwa chaka, pamene magemu a zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo amagwa mtengo kwambiri. Ilinso ndi lamulo loti mungabweze gemu n'kulandira ndalama zanu ngati simunaisewere kupitirira maola awiri ndipo sipanadutse masiku 14. Masitolo a makonsolo nawo amachita maselo, sitingawanamizire. Koma akapanda kutsitsa, kulibe kwina kopita.

Kupatula disiki. Apa ndiye pamene konsolo imabweza chipongwe. Disiki ya PS4 kapena PS5 mungaibwereke kwa mnzanu, kuisinthanitsa, kuigula kwa munthu amene watopa nayo, kapena kuigulitsa mukamaliza. Gemu ya pa Steam singagulitsidwenso. Kwa munthu amene amagula magemu ogwiritsidwa kale ntchito n'kumawazungulitsa, konsolo imatha kutchipa kuposa mmene mawerengero a pamwambawa akusonyezera. Koma chenjerani ndi mtundu umene mukugula. Xbox Series S ilibe polowetsa disiki. PS5 Digital Edition ilibe. PS5 Pro, imene inatuluka mu Novembala 2024 pa madola 699, nayonso imabwera yopanda, muyenera kugula padera. Konsolo yopanda disiki imatchipa tsiku logula, kenako imakumangirirani ku sitolo imodzi mpaka kalekale.

Nanga kompyuta imadya zingati?

Funso limeneli lilibe yankho limodzi, ndipo n'chimene chimasokoneza anthu. Graphics card yokha imayambira pa mtengo wa foni yabwino kufika pa mtengo wa galimoto yakale. Mu 2025 Nvidia inatulutsa RTX 5060 pa madola 299 ndi RTX 5090 pa madola 1,999. Zonsezi ndi chiwalo chimodzi chokha. Pamwamba pake pakufunika purosesa, RAM, SSD, bolodi lolumikizira zonse, chogawa magetsi, bokosi lake, sikirini, kiyibodi ndi mausi. Kompyuta yatsopano yofanana mphamvu ndi PS5 kawirikawiri imadula kuposa PS5.

Mitengo ya ziwalozi imagwedezekanso ndi zinthu zosakhudzana ndi magemu. Pakati pa 2020 ndi 2022, mliri wa COVID-19 unasokoneza mafakitale, ndipo anthu okumba ndalama za pa intaneti monga Ethereum ankasesa magraphics card onse m'masitolo, moti mitengo inakwera kuposa imene opanga anaika. Chakumapeto kwa 2025 inali nthawi ya RAM: makampani omanga malo akuluakulu a makompyuta a AI anagula zambiri, mtengo n'kukwera kwa wina aliyense. Makonsolo sapulumuka ku zoterezi, popeza amagwiritsa ntchito ziwalo zomwezo, koma mtengo wawo umasintha mwa apo ndi apo, osati sabata iliyonse.

Ubwino wa kompyuta ndi wofanana ndi womanga nyumba yako pang'onopang'ono. Chaka chino mwaika RAM yowonjezera, chaka chamawa mwasintha graphics card, bokosi ndi sikirini zikhale zomwezo. Konsolo ili ngati nyumba ya lendi: mwalowa lero, zonse zili m'malo, koma khoma simungaligwetse. Mumakhalamo mpaka mwininyumba amange ina, zimene zakhala zikuchitika pa zaka pafupifupi 7 zilizonse: PS3 mu 2006, PS4 mu 2013, PS5 mu 2020. Pa zaka zimenezo simudandaula ngati gemu yatsopano iyenda kapena ayi. Ngati pa katoni palembedwa PS5, iyenda.

Pali mawerengero ena amene ambiri amawaiwala. Ngati mukufunika kale kompyuta ya sukulu kapena ya ntchito, kulemba, kujambula mapulani a nyumba, kukonza mavidiyo, ndiye kuti funso silikhala loti "PS5 kapena kompyuta". Limakhala loti muwonjezere zingati pa kompyuta imene mugula kale kuti izithanso magemu, ndipo kodi zowonjezerazo zikuposa mtengo wa konsolo. Munthu wokonza mavidiyo a maukwati amafunika graphics card yabwino ngakhale asakhudze gemu.

Pa laputopu pokha ndichenjezepo. Malaputopu ambiri a ku ofesi alibe graphics card yapadera, amadalira kakang'ono kamene kali mu purosesa momwemo. Wogulitsa akakuuzani kuti "iyi ndi Core i7", wangotchula dzina la purosesa, sanakuuzeni chilichonse chokhudza magemu, ndiponso i7 ya mu 2014 ndi ya mu 2024 zimangofanana dzina. Pa laputopu, graphics card simungaisinthe, ndipo ya dzina lofanana ndi ya pa kompyuta ya pa tebulo imakhala yofookerapo chifukwa cha kutentha ndi kuchepa kwa magetsi amene imaloledwa kudya.

Manambala a pa katoni: 4K ndi 60fps

Chithunzi cha pa sikirini chimapangidwa ndi timadontho ting'onoting'ono. Akati 1080p akutanthauza timadontho 1,920 m'mbali ndi 1,080 m'mwamba, tonse pamodzi topitirira pang'ono 2 miliyoni. Akati 4K ndi 3,840 kwa 2,160, timadontho pafupifupi 8.3 miliyoni. Ojambula aja ntchito yawachulukira kanayi.

Nambala inayo, fps, ndi kuchuluka kwa zithunzi zimene zikusinthana pa sekondi imodzi. Mafilimu a ku kanema amayenda pa 24. Magemu amayenda pa 30, 60, 120 kapena kuposa. Pa gemu yoyenda mwakachetechete 30 imakwana, koma pa yowomberana kapena ya mpikisano wa magalimoto, dzanja limamva kusiyana kwa 30 ndi 60 ngakhale maso asanazindikire. Ziwirizi zimalimbirana mphamvu imodzi. Mukafuna timadontho tambiri, zithunzi pa sekondi zimachepa. N'chifukwa chake magemu ambiri a PS5 ndi Xbox amakufunsani kuti musankhe pakati pa kukongola ndi kufulumira. Pa kompyuta yamphamvu kwambiri mungapeze zonse ziwiri, bola thumba.

Ndipo 4K imene imalembedwa pa katoni nthawi zambiri si yeniyeni. Makina amajambula chithunzi chocheperapo, kenako pulogalamu yanzeru imachikuza n'kudzaza mipata. Nvidia imaitcha njira yake DLSS, AMD imati FSR, Sony pa PS5 Pro imati PSSR. Zimagwira ntchito bwino moti ambiri sangasiyanitse, choncho si chinyengo kwenikweni. Chofunika kukumbukira n'chakuti zonsezi zimathera pa sikirini imene muli nayo. Ngati TV ya pabalaza ndi ya 1080p yosapitirira zithunzi 60 pa sekondi, mphamvu yowonjezera ya PS5 Pro kapena ya graphics card yodula mwailipira, koma simuiona yonse.

Magemu ake ali kuti?

Kale yankho linali losavuta. Ukafuna God of War unkagula PlayStation, ukafuna Halo unkagula Xbox, ukafuna Mario unkagula Nintendo. Magemu opezeka pa makina amodzi okha ndiwo anali nyambo. Mipanda imeneyi yayamba kugwa. Sony inatulutsa Horizon Zero Dawn pa kompyuta mu 2020, kenako God of War ndi Spider-Man mu 2022, ngakhale kuti inkadikira kaye zaka zingapo gemuyo itatuluka pa PlayStation. Microsoft inapita patali: magemu ake amatuluka pa Xbox ndi pa kompyuta tsiku limodzi, ndipo mu Epulo 2025 inatulutsa Forza Horizon 5 pa PS5, makina a mdani wake. Itagula Activision Blizzard, eni ake a Call of Duty, pa madola pafupifupi 69 biliyoni mu Okutobala 2023, gemuyo inapitirirabe kutuluka pa PlayStation. Nintendo yokha ndiyo yagwiritsitsa. Magemu akuluakulu a Mario ndi Zelda simuwapeza mwalamulo pa PS, Xbox kapena kompyuta.

Nthawi zina wodikira amakhala wa kompyuta. Grand Theft Auto V inatuluka pa makonsolo mu 2013, pa kompyuta inafika mu 2015. Pamene Rockstar, eni ake a gemuyi, inalengeza yotsatira yake, GTA VI, inatchula PS5 ndi Xbox Series zokha.

Kompyuta ili ndi chuma chake chimene konsolo ilibe. Pali magemu oyendetsa mizinda, magulu ankhondo kapena matimu a mpira amene amakoma ndi mausi ndi kiyibodi. Pali magemu akale a zaka makumi awiri amene akuyendabe. Ndipo pali mamod, kutanthauza zosintha zimene osewera okha amapanga n'kuziika mu gemu: mayunifolomu atsopano, mabwalo, malamulo ena, mwinanso gemu yatsopano yathunthu. Counter-Strike inayamba mu 1999 ngati mod ya Half-Life. Dota inabadwira mu Warcraft III. Amene anasewerapo gemu ya mpira ya PES yokhala ndi matimu ndi mayina amene kampani yoipanga, Konami, sinaikemo anaona kale ntchito ya manja a anthu oterewa. Ufulu womwewo ndi umene umatsegulira khomo anthu obera. Mapulogalamu owombera okha kapena oonera kuseri kwa khoma ndi ofala pa kompyuta kuposa pa konsolo, ndipo ena osewera pa konsolo amazimitsa dala mwayi wokumana ndi a pa kompyuta.

Palinso Game Pass ya Microsoft, imene inayamba mu 2017: mumalipira pa mwezi n'kumasewera magemu mazanamazana, pa Xbox kapena pa kompyuta. Ndi yabwino kwa wokonda kulawalawa. Mukasiya kulipira, zonse zimatsekeka, ndipo mu Okutobala 2025 mtengo wa yapamwamba kwambiri unakwezedwa kuchoka pa madola 19.99 kufika pa 29.99 pa mwezi.

Mwagula, koma ndi yanu?

Gemu yogula pa intaneti, kaya pa Steam kaya pa PlayStation Store, mwalamulo simunaigule ngati mmene mumagulira njinga. Mwagula chilolezo choisewera. Mu 2024 Steam inayamba kulemba zimenezi poyera pa tsamba lolipirira. Chaka chomwecho Ubisoft inazimitsa maseva, makompyuta amene gemu imalumikizana nawo pa intaneti, a gemu ya magalimoto yotchedwa The Crew, ndipo popeza gemuyo sinkayenda popanda intaneti, inafa kwa onse, a disiki omwe. Masitolo nawo amatsekedwa: Nintendo inatseka ya Wii U ndi 3DS mu Malichi 2023, Microsoft inatseka ya Xbox 360 mu Julayi 2024, ngakhale kuti zimene munthu anagula kale ankatha kuzitenganso. Pa kompyuta pali sitolo ya GOG imene imagulitsa magemu opanda loko, oti mungasunge pa hadi disiki yanu n'kuwaikanso popanda kupempha aliyense. Pa konsolo chofanana nacho ndi disiki, koma madisiki ena a masiku ano amakhala ndi gawo chabe la gemu, lotsalalo mukatenge pa intaneti.

Zikafika kuno kwathu

Zonse zimene zanenedwazi anthu a ku London ndi New York amazikambirana ali ndi magetsi osazima ndi intaneti yopanda malire. Kuno mawerengero amasintha.

Choyamba ndi data. Magemu akuluakulu amakono amatha kupitirira 100GB. Pa intaneti yothamanga 10Mbps, kukoka 100GB kumatenga maola pafupifupi 22 popanda kudukiza, ndipo mtengo wa bandulo yake muudziwa nokha. Pambuyo pake pamabwera maapudeti, ena a magigabaiti makumi angapo, amene gemu imakana kulowa pa intaneti musanawaike. Vutoli lili mbali zonse, koma disiki imachepetsako, ndipo makompyuta ambiri a masiku ano alibe n'komwe polowetsa disiki. Nkhokwe nayo imadzaza msanga. PS5 yoyamba inalembedwa 825GB, koma malo oikamo magemu anali pafupifupi 667GB. Xbox Series S ya 512GB imakusiyirani osakwana 400GB.

Chachiwiri ndi magetsi. PS5 ikamasewera gemu yolemera imadya mawati pafupifupi 200, kutanthauza yuniti imodzi pa maola asanu, osawerengera TV. Kompyuta ya magemu yamphamvu imatha kudya kawiri kapena kuposa, ndipo RTX 5090 payokha inalembedwa mawati 575. Kwa wodalira sola kapena invetala, kusiyana kumeneku ndi kwakukulu. Magetsi akathima mwadzidzidzi, konsolo ndi kompyuta ya pa tebulo zonse zimatha kuwononga zimene zimasunga, ndipo akamabwerera ndi mphamvu amatha kuotcha chogawa magetsi. UPS, kabatire kamene kamakupatsani mphindi zochepa zoti muzimitse bwinobwino, iyenera kulowa mu bajeti kuyambira pachiyambi. Apa laputopu, Switch ndi Steam Deck zimapambana popanda mkangano, chifukwa batire zili nalo kale. Steam Deck, imene Valve inatulutsa mu Febuluwale 2022 pa madola 399, ndi kompyuta yooneka ngati konsolo ya m'manja, yosewera magemu a pa Steam. Makina oterewa akusonyeza kuti mzere wa pakati pa mbali ziwirizi ukufufutika.

Chachitatu ndi kalipiridwe. Mitengo yonse ndi ya madola kapena marandi, ndipo kwacha ikagwa, monga mu Novembala 2023 pamene Reserve Bank of Malawi inaitsitsa mphamvu ndi 44 peresenti, gemu iliyonse ndi chiphaso chilichonse zimakwera usiku umodzi. Komanso pa mndandanda wa mayiko amene mungasankhe potsegula akaunti ya PlayStation, Malawi palibe. Ambiri amasankha South Africa, Britain kapena America, n'kumagula makhadi owonjezerera ndalama a dzikolo. Dziko la akaunti silisinthika mukangosankha, khadi la dziko lina siligwira, ndipo ngakhale disiki ya PS5 ya kulikonse imasewera pa PS5 iliyonse, zowonjezera za gemu zogula pa intaneti zimafuna kuti dera la akaunti ligwirizane ndi la disiki. Mbale wanu wa ku Johannesburg akakutumizirani disiki pamene akaunti yanu ndi ya America, mukhoza kugula zowonjezera zimene sizidzatseguka. Nkhani ya mayiko osiyidwa inaphulika mu Meyi 2024, pamene Sony inalamula kuti osewera Helldivers 2 pa kompyuta akhale ndi akaunti ya PlayStation, gemuyo n'kuchotsedwa pa Steam m'mayiko oposa 170. Anthu atakwiya, Sony inabweza lamulolo.

Magemu okopera aliyense akuwadziwa, ndipo kuwabisa n'kudzinamiza. Kupatula kuti n'kuphwanya lamulo, ali ndi mtengo wake. Pa kompyuta ndi njira yodziwika imene mavairasi oba mapasiwedi amalowera, ndipo ngati kompyutayo ndi yomwe mumalowera ku banki kapena kusungira ntchito, mwatchova juga yaikulu. Konsolo yosinthidwa kuti izitsegula zokopera imatha kutsekedwa kuti isalowenso pa intaneti.

Pa kusewera ndi anthu akutali, konsolo ndi kompyuta zimavutika mofanana. Ping ndi nthawi imene uthenga umatenga kupita ku seva ndi kubwerera, yowerengedwa m'magawo a sekondi 1,000. Seva ikakhala ku Ulaya, mtunda wokhawo umachedwetsa uthengawo, ndipo palibe graphics card imene ingafupikitse nyanja. Magemu amene ali ndi maseva ku South Africa amayenda bwino kuno kuposa amene alibe. Ndi bwino kufufuza zimenezi pa gemu imene mumakonda musanawononge ndalama pa makina.

Madzulo mukabwera wotopa

Pali mtengo wina wosalembedwa paliponse, wa nthawi ndi mtima. Konsolo mumadina batani, gemu n'kupitirira pamene munasiyira. Mwana wa zaka 8 aitha yekha. Kompyuta imafuna munthu wololera kuti tsiku lina gemu ikana kutseguka, ndipo madzulo onse athera pa kusaka chifukwa: pulogalamu yoyendetsa graphics card yakalamba, Windows yadziika apudeti, kapena china chake chosadziwika. Ena ntchito imeneyi amaikonda kuposa gemu yeniyeniyo, ngati amene amasangalala kukhala pansi pa galimoto Loweruka lonse. Ena imawanyansa, ndipo alibe mlandu.

Ogula kompyuta yakale adziwe kuti Microsoft inasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana mapurosesa ambiri akale komanso imafuna kachipangizo kachitetezo kotchedwa TPM 2.0. Magemu ena atsopano owomberana, monga Battlefield 6, amakana kutseguka ngati zachitetezo zoterezi sizinayatsidwe. Ogula konsolo yakale ayese polowetsa HDMI, amvetsere ngati fani ikulira ngati chigayo, ayese padi ngati wosewera sakuyenda yekha usanakhudze kandodo, ndipo alowe pa intaneti pomwepo kuti aone ngati makinawo sanatsekedwe. Fumbi ndi kutentha kwa mu Okutobala sizisankha mbali. Koma kompyuta ikafa chiwalo chimodzi, mumasintha chomwecho ndipo amisiri ake ndi ambiri m'tauni iliyonse, pamene konsolo ikafa bolodi nthawi zambiri nkhani yathera pomwepo.

Kwa ambiri kuno, gemu ndi mpira. FIFA, imene kuyambira mu 2023 ikutchedwa EA Sports FC, imakoma anthu awiri atakhala pa mpando umodzi, mapadi awiri, ena atatu akudikira kuti woluza adzuke. Kompyuta imatha zimenezi, mapadi a Xbox ndi PS amalumikizika bwinobwino ndipo TV imalandira HDMI yomweyo, koma konsolo inabadwira pabalaza. Mukafuna kusewera pa intaneti, funsani kaye anzanu ali pa makina ati. M'magemu a FC 24 ndi FC 25, a PS5, Xbox Series ndi kompyuta ankakumana m'bwalo limodzi, a PS4 ndi Xbox One m'bwalo lawo, a Switch paokha. Munthu wogula PS4 yotchipa kuti azimenya ndi gulu limene lonse lili pa kompyuta ankapezeka ali ndi gemu yomweyo, timu yomweyo, koma mnzake osamupeza.